Chimbale cha December cha George Winston: piyano yokha pa nyengo ya Khirisimasi

Nyimbo zambiri za Khirisimasi zimakonzedwa kuti zidzaze malo, ndipo n'chifukwa chake zimamveka bwino m'masitolo akuluakulu, m'mabasi ndi m'maholo a zikondwerero, kumene woyimba amayenera kupikisana ndi phokoso la anthu. Chimbale cha December, chimene malemu George Winston anatulutsa ku America m'chaka cha 1982, sichipikisana ndi aliyense. Muli munthu mmodzi ndi piyano imodzi, mulibe mawu oyimbidwa, mulibe ng'oma, gitala kapena lipenga, ndipo nyimbo zake 12 zimatha mphindi zosakwana 40. Kwa munthu amene akufuna nyimbo zofatsa za nyengoyi, zimene angamvetsere yekha kapena kutumizira mnzake monga mafuno abwino, ine ndimachiika patsogolo pa zimbale zonse za mtundu umenewu zimene ndinamvapo, ngakhale kuti chili ndi malo angapo ofooka ndiponso chimafuna kuti wochigula adziwe nthawi yochiikira.

A Winston anabadwa m'chaka cha 1949 m'chigawo cha Michigan, koma mbali yaikulu ya ubwana wawo anaithera ku Montana, dera la zigwa zotambalala ndi chisanu choopsa, ndipo iwo eni ankanena kawirikawiri kuti kusinthasintha kwa nyengo kumeneko ndiko kunaumba mayimbidwe awo. Zimbale zimene zinawatchukitsa zili ndi mayina a nyengo: Autumn cha 1980, Winter into Spring cha 1982, December chimene tikukambachi, ndi Summer cha 1991. Ogulitsa zimbale anaziika m'gulu la New Age, dzina limene iwo sankalikonda, popeza ankaona kuti mayimbidwe awo ndi a piyano ya anthu wamba akumudzi, ndipo akatswiri amene ankawasirira anali oyimba piyano yamphamvu ya jazi ndi ya ku New Orleans, monga Fats Waller, Professor Longhair ndi James Booker. Zimenezi zimathandiza kumvetsa chifukwa chake chimbale chofatsa chotere sichigonetsa tulo monga zimachitira zimbale zina zofanana nacho. Dzanja lawo lamanzere linaphunzira kwa anthu amene ankavinitsa mabala athunthu ndi piyano yokha, choncho ngakhale pamene likuyenda pang'onopang'ono limagwira nthawi mosagwedezeka.

Chimbalechi chinatuluka pa kampani yaing'ono ya Windham Hill, imene woyimba gitala William Ackerman anayambitsa ku California m'chaka cha 1976, ndipo chinagulidwa makope oposa 3 miliyoni ku America kokha. Chiwerengero chimenechi n'chodabwitsa tikakumbukira kuti inali nthawi ya nyimbo zovina za zida zamagetsi, pamene mawayilesi akuluakulu analibe malo a piyano yopanda mawu. Pachikuto chake pali chithunzi cha mitengo yopanda masamba itaima m'chipale chofewa, ndipo wogula amadziwiratu kuchokera pamenepo kuti sakugula nyimbo za phwando.

Nyimbo yoyamba, Thanksgiving, ndi yopeka a Winston eni, ndipo inatenga dzina la tsiku lothokoza limene anthu a ku America amakumbukira Lachinayi lachinayi la mwezi wa Novembala, tsiku limene kwa iwo limatsegula nyengo yonse ya zikondwerero. Munthu angayembekezere kuti nyimbo yothokoza ikhala yansangala, koma iyi imayamba mwachisoni pang'ono, ngati ya munthu amene akuwerenga zimene chaka chamupatsa pamodzi ndi zimene chamulanda. Ndikuona kuti kusankha kuyamba motere ndiko nzeru yaikulu ya chimbale chonse. Mwezi wa Disembala sufika mofanana kwa anthu onse: ena akuyembekezera alendo, ena aika maliro m'chakacho, ena ali kutali ndi kwawo ndipo ndalama yoyendera yawavuta. Nyimbo imene imalamula aliyense kuti asangalale imasiya anthu oterewa panja, pamene iyi imawalandira poyamba, kenako n'kuwatsogolera pang'onopang'ono kumene kuli kuwala.

Nyimbo ziwiri zotsatira zimachita ntchito yotsogolerayo. Jesus, Jesus, Rest Your Head ndi nyimbo yogonekera mwana yochokera kumapiri a Appalachia ku America, imene inadziwika kwambiri kudzera mwa woyimba John Jacob Niles wa ku Kentucky, ndipo a Winston amaiyimba mosakongoletsa, kusiya mpata pakati pa mzere ndi mzere monga amachitira mayi amene akuyang'ana ngati khanda lagona. Joy inamangidwa pa nyimbo ya Johann Sebastian Bach ya m'chaka cha 1723, imene anthu ambiri amaidziwa chifukwa choimva pa maukwati a m'tchalitchi, ndipo apa ndi pamene chimbale chimayamba kumwetulira. Amene anazolowera Bach woyimbidwa ndendende monga analembera adzaona kuti a Winston amadziyendera njira yawoyawo, kutenga kachidutswa ka nyimboyo n'kumakazunguliza, koma sindikuona cholakwika pamenepo chifukwa sananamize aliyense kuti akuyimba Bach weniweni.

Pachimake pa mbali yoyamba ya mbale ya galamafoni pali Carol of the Bells, yotsogozedwa ndi kanyimbo kakafupi kotchedwa Prelude, ndipo apa ndiyenera kuchedwapo chifukwa mbiri ya nyimboyi ndiyo inandithandiza kumvetsa chimene chimbale chonse chikuchita. Nyimbo imeneyi sinabadwire ku America ndipo poyamba sinali ya Khirisimasi. Ndi nyimbo ya ku Ukraine yotchedwa Shchedryk, imene mphunzitsi wa kwaya Mykola Leontovych anaikonza kuchokera ku nyimbo yakale ya anthu akumudzi, ndipo inayimbidwa ku Kyiv m'chaka cha 1916. Inali ya mtundu wa nyimbo zimene anthu ankayimba khomo ndi khomo madzulo olowera Chaka Chatsopano, pofunira eni nyumba zabwino. Mawu ake amanena za namzeze amene wawulukira pakhomo n'kuitana mwini nyumba kuti atuluke akaone kukhola, kumene nkhosa zake zaswa, ndipo akumulonjeza chuma m'chaka chikubweracho. A Leontovych anaphedwa m'chaka cha 1921, koma kwaya ya ku Ukraine yotsogozedwa ndi Oleksandr Koshyts inafika nayo nyimboyi ku Carnegie Hall mumzinda wa New York m'chaka cha 1922, ndipo m'chaka cha 1936 Peter Wilhousky anaiveka mawu atsopano a Chingerezi onena za mabelu a Khirisimasi. Namzeze ndi nkhosa zinatsala m'njira, mabelu n'kulowa m'malo mwake.

Chimene a Winston amachita pochotsa mawu onse n'chakuti nyimbo ija imamasuka ku mabelu a ku New York, ndipo womvetsera amatha kumvamo chilichonse mwa ziwirizi. Nyimbo yonse yaima pa manoti anayi okha obwerezedwabwerezedwa, ndipo manja awiri a woyimbayo amalandizana ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi, wina akamakweza munsi wina akutsitsa, osagundana ngakhale liwiro likukwera. Imayambira pamwamba ndi mawu ang'onoang'ono owala, imatsika n'kumalemera mpaka piyano yonse ikulira, kenako imabwerera mwakachetechete. Iyi ndiyo nyimbo imene ndingauze munthu wokayika kuti ayambe wamva asanawononge ndalama kapena bandulo yake, chifukwa ngati iyi siimugwira mtima ndiye kuti zotsalazo sizimugwiranso. Ndiyonso imatsutsa maganizo akuti nyimbo zofatsa zimayenera kukhala zaulesi, popeza muli mphamvu yochuluka koma yomangidwa bwino.

Gawo lotsatira ndi nyimbo zitatu zazifupi zolumikizana pansi pa dzina limodzi la Night, ndipo apa ndi pamene ndikuona kufooka. Yoyamba imayesa kujambula kugwa kwa chipale chofewa ndi timawu tapamwamba tothamanga, yachiwiri ikuimira pakati pa usiku, yachitatu ndi ya oyimba oyendayenda. Sindikunena kuti n'zoipa, koma ziwiri zoyambazo zimadalira kwambiri kuti womvetsera abweretse chithunzi chake cha nyengo yozizira ya kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo pazokha zilibe nyimbo yoti munthu angaing'ung'udze akuyenda. Amene amakhala ku Manchester kapena ku Glasgow, kumene dzuwa la Disembala limalowa nthawi ya 4 koloko isanakwane, mwina adzazimva mosiyana ndi amene ali ku Zomba kapena ku Chipata, kumene mwezi womwewo ndi wa mvula, kutentha ndi chimanga chongomera. Ine ndikamvetsera chimbale chonse, apa ndi pamene maganizo anga amayamba kuyendayenda, ndipo amabwerera pokhapokha gawo lachitatu likayamba, chifukwa lili ndi kanyimbo kogwirika kamene kamakhala m'mutu.

Mbali yachiwiri imatsegulidwa ndi nyimbo imene inatchuka kuposa zonse za m'chimbalechi, yomangidwa pa Canon ya Johann Pachelbel wa ku Nuremberg ku Germany, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1653 mpaka 1706. Pachelbel analemba nyimboyi kuti iyimbidwe ndi mavayolini atatu pamwamba pa besi ya manoti asanu ndi atatu obwerezedwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ilibe mgwirizano uliwonse ndi kubadwa kwa Yesu. Vuto lake lero n'lakuti yamveka mopitirira muyeso: pa maukwati, m'malonda a pa kanema, ngakhale pa lamya pamene kampani yakuuzani kuti mudikire. Munthu amafika pa nyimboyi atatopa nayo kale, ndipo limenelo si vuto la a Winston, chifukwa mu 1982 inali isanafike potopetsa chotere. Amene angaimvetsere mwachilungamo adzaona kuti iwo amaiyamba mophweka kwambiri, ngati wophunzira amene akufufuza makiyi, kenako amawonjezera pang'onopang'ono mpaka pakati pamene dzanja lamanja limathamanga momasuka ndipo kakomedwe ka New Orleans kaja kamasuzumira. Ndimaikonda, koma sindikuvomereza kuti ndiyo yabwino koposa, ndipo ndimadandaula kuti anthu ambiri amadziwa a Winston kudzera mwa iyo yokha.

The Holly and the Ivy ndi nyimbo yakale ya ku England yonena za zomera ziwiri zimene zimakhalabe zobiriwira m'chisanu, ndipo mayimbidwe ake odziwika lero ndi amene Cecil Sharp, wosonkhanitsa nyimbo zakale, anawalemba atawamva m'tauni ya Chipping Campden n'kuwasindikiza mu 1911. Ndiyo yansangala kuposa zonse muno, ndipo ikanakhala kuti palibe, mbali yachiwiri ikanalemera mopitirira.

Nyimbo imene ndimaiona kuti ndiyo mtima wa chimbalechi ndi Some Children See Him, yopekedwa ndi Alfred Burt m'chaka cha 1951, mawu ake n'kulembedwa ndi Wihla Hutson. Bambo ake a Alfred, a Bates Burt, anali mbusa wa mpingo wa Episcopal mumzinda wa Pontiac ku Michigan, ndipo anali ndi mwambo wopeka nyimbo yatsopano chaka chilichonse n'kuisindikiza pa khadi la Khirisimasi lotumizira abale ndi akhristu awo. Kuyambira 1942 mwana wawo, amene anali woyimba lipenga la jazi, ndiye anatenga ntchito yopeka nyimbozo, ndipo anapeka 15 asanamwalire ndi khansa ya m'mapapo mu 1954 ali ndi zaka 33 zokha. Nyimbo zimenezi sizinalembedwe kuti zigulitsidwe. Zinali mafuno abwino a banja limodzi kwa anzawo, oikidwa mu envelopu n'kuponyedwa ku positi. Mawu a nyimbo iyi amanena kuti ana a mitundu yosiyanasiyana amaona khanda Yesu ali ndi khungu ndi nkhope yonga yawo, oyera amamuona woyera, akuda amamuona wakuda, ndipo onse amamukonda. Ku America wa 1951, kumene malamulo a zigawo zambiri ankalekanitsabe ana akuda ndi oyera m'masukulu, amenewa sanali mawu opepuka oti munthu alembe pa khadi.

A Winston amaiyimba pang'onopang'ono kwambiri, mwaulemu, osawonjezera zokometsera zambiri, ndipo amalola noti iliyonse kuti ithe yokha isanabwere inzake. Amene sadziwa mawu ake adzamva nyimbo yokoma yachifatse, ndipo zimenezo n'zokwanira, koma amene wawadziwa adzaona kuti kusankha nyimbo imeneyi pakati pa mazana a nyimbo za Khirisimasi zotchuka kuposa iyo sikunali kwangozi. Muno mulibe nyimbo za Father Christmas, za ngolo yake kapena za mphatso za m'sitolo. Nyimbo ziwiri zimene zanyamula chimbalechi, ya ku Ukraine ija ndi iyi, zonse zinabadwa monga moni wa munthu kwa mnzake, ina yoyimbidwa pakhomo, ina yotumizidwa pa khadi. Nyimbo yotsekera, Peace, ndi ya a Winston eni, ndipo ili ndi manoti ochepa kwambiri otalikirana, moti pa sipika yofooka munthu angaganize kuti chimbale chatha kale.

Za mafuno abwinozi sizinathere m'nyimbo zokha, ndipo ndikuona kuti wogula ali ndi ufulu wodziwa mtundu wa munthu amene akumugula. A Winston ankakwera pa nsanja atavala malaya wamba ndi jinzi, kumapazi kuli masokosi okha opanda nsapato, ndipo kwa zaka zambiri ankapempha anthu obwera ku makonsati awo kuti atenge chakudya cha m'zitini choti chiperekedwe ku mabungwe odyetsa osowa a m'tauni imene akuyimbamo. Anatulutsa chimbale cha Remembrance mu 2001 chothandiza mabanja okhudzidwa ndi chiwembu cha pa 11 Sepitembala, china cha Gulf Coast Blues and Impressions mu 2006 chothandiza anthu amene anasakazidwa ndi namondwe wa Katrina, ndiponso Spring Carousel mu 2017 chothandiza kafukufuku wa khansa, matenda amene iwo eni analimbana nawo kwa zaka zambiri mpaka anamwalira pa 4 Juni 2023. Khalidwe labwino la woyimba silikometsa nyimbo yoipa, ndipo pali oyimba ankhanza amene anasiya nyimbo zokoma. Komabe pa chimbale chimene nkhani yake yonse ndi kufunira ena zabwino, zimandikhazika mtima pansi kudziwa kuti mwini wake sankangogulitsa chifundo cha pakamwa.

Funso lofunika kwa wogula ndi lakuti chimbalechi achiike nthawi yanji, chifukwa chikaikidwa pa nthawi yolakwika chimaoneka chopanda ntchito. Masana a pa 25 Disembala, pamene mpunga ndi nkhuku zili pamoto, ana avala zatsopano akuthamangathamanga, ndipo sipika ya a neba ikugwedeza malata, piyano iyi singamveke n'komwe, ndipo amene angaumirire kuiika adzangodana ndi achinyamata a pakhomo. Khirisimasi yathu ndi ya kwaya, ya ng'oma ndi ya kuvina, ndipo sindikufuna kuti isinthe. Malo a chimbalechi ndi maola ozungulira chikondwererocho: m'mawa kwambiri anthu asanadzuke, usiku wa pa 24 mutabwera ku mapemphero, madzulo alendo atabalalika pamene mwatsala ochepa mukumwa tiyi, kapena masiku a pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano amene mvula imatsekera anthu m'nyumba. Ubwino wake waukulu pa nthawi zoterezi ndi wakuti chimasiyira anthu mpata wolankhulana. Nyimbo ya mawu imalanda makutu, ndipo agogo akayamba kufotokoza nkhani mumayenera kuitsitsa kapena kuizimitsa, pamene piyano iyi imatha kupitirira pansi pa macheza osasokoneza aliyense. Ndaonanso kuti imathandiza m'nyumba imene muli wodwala kapena khanda, mmene anthu amafuna kuti nyengo ya chikondwerero imveke koma phokoso silikuloledwa.

Kajambulidwe ka mawu ndi kabwino kwambiri pa chimbale cha zaka zoposa 40, ndipo kampani ya Windham Hill inkadziwika ndi kusamala pa nkhani imeneyi. Piyano imamveka pafupi, ngati muli nayo m'chipinda chimodzi, ndipo a Winston amagwiritsa ntchito kwambiri chopondera chimene chimachititsa kuti mawu apitirire kulira chala chitachoka pa kiyi. Theka la kukoma kwa chimbalechi lili m'mawu otsalirawo, amene amazilala pang'onopang'ono, komanso m'mawu akuluakulu a kumanzere kwa piyano. Apa ndi pamene pali chenjezo langa lalikulu: sipika ya foni imadula zonse ziwirizi. Imasiya timawu tapamwamba tokha tolira ngati supuni pa galasi, ndipo munthu amene wamva chimbalechi koyamba mwa njira imeneyi adzadabwa kuti anthu amachitamandira chiyani. Mahedifoni wamba, ngakhale otchipa a pamsika, amasintha zinthu kwambiri, ndipo kasipika ka Bluetooth kokhala ndi besi pang'ono n'kokwanira pa chipinda chochezera. M'galimoto kapena mu minibasi musayese n'komwe, chifukwa kusiyana kwa malo ofatsa ndi malo amphamvu n'kwakukulu, moti mukakweza kuti mumve Peace mudzagonthetsedwa ndi pakati pa Carol of the Bells.

Kupeza chimbalechi lero sikuvuta. Chinayamba pa mbale za galamafoni ndi makaseti, kenako pa CD, ndipo tsopano chili pa Spotify, Apple Music ndi YouTube. Spotify inafika ku South Africa mu 2018 ndipo inatsegulidwa ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe mu 2021, choncho ambiri a ife tingachimve mwalamulo popanda kupita kokopetsa nyimbo pa memori khadi. Amene amalipira mwezi ndi mwezi angachite bwino kuchisunga m'foni pamene ali pa Wi-Fi, kuti magetsi kapena netiweki zikavuta asadandaule, ndipo popeza ndi mawu okha opanda kanema, sichidya bandulo yambiri. Amene amagwiritsa ntchito njira yaulere adziwe kuti malonda amalowerera pakati pa nyimbo, ndipo pa chimbale chachifatse chotere kulowerera kumeneko kumapweteka kuposa pa nyimbo zovina, chifukwa mawu a wotsatsa malonda amabwera mokuwa pamene makutu anu atseguka. Pa YouTube pali vuto lina lakuti anthu ambiri ophunzira piyano anaikapo mayimbidwe awoawo a nyimbo zomwezi pansi pa mayina omwewo, ena abwino ena ayi, choncho ndi bwino kuonetsetsa kuti mwapeza chimbale chenicheni chokhala ndi chikuto cha mitengo m'chipale chija. Amene ali ku Britain kapena ku America angapeze CD yake mosavuta m'masitolo a zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito, popeza makope ake anachuluka kwambiri.

Monga mphatso, chimbalechi chili ndi mwayi umene nyimbo za mawu zilibe. Sichifuna kuti wolandira adziwe Chingerezi, ndipo sichikakamiza chikhulupiriro pa munthu, moti mungachitumize kwa mnzanu wachisilamu wa kuntchito kapena kwa bwana wanu popanda kuopa kuti mwalalikira munthu amene sanakupempheni. Masiku ano mafuno ambiri a nyengoyi amayenda pa WhatsApp ngati zithunzi za makandulo ndi mabelu zimene munthu walandira kwa wina n'kungozikankhira kwa anthu onse a m'foni mwake, ndipo tonse timadziwa kuti zambiri sizitsegulidwa. Kutumiza nyimbo imodzi yosankhidwa, pamodzi ndi mizere iwiri yolembedwa ndi inu mwini yofotokoza chifukwa chimene mwaganizira munthuyo, kuli pafupi kwambiri ndi zimene banja la a Burt linkachita ndi makhadi awo. Kwa amene waferedwa m'chakacho ndingasankhe Thanksgiving kapena Peace, kwa banja limene lalandira mwana ndingasankhe nyimbo yogonekera khanda ija, ndipo kwa wachinyamata amene amati piyano ndi ya okalamba ndingatumize Carol of the Bells.

Pali akhristu ena amene adzafunsa ngati nyimbo yopanda mawu ingatchedwe ya Khirisimasi, popeza uthenga wa kubadwa kwa Mpulumutsi umafunika kunenedwa, ndipo funso limeneli ndi lomveka. Pa nyimbo 12 za muno, zimene zimakhudza mwachindunji nkhani ya ku Betelehemu ndi zochepa, ndipo nyimbo zimene tinakulira nazo m'mabuku a nyimbo a m'matchalitchi athu mulibemo. Amene akufuna kumva nyimbo zimene angayimbire limodzi ndi banja lake adzakhumudwa, ndipo ndi bwino adziwiretu asanagule. Dzina lenilenilo la chimbale likunena za mwezi, osati za tsiku la 25, ndipo chimayambira kumapeto kwa Novembala n'kukathera ku mtendere wa kumapeto kwa chaka. Sichingalowe m'malo mwa kwaya ya Chigwirizano kapena ya Mvano, ndipo sichinayesepo kutero.

Poyerekeza ndi zimbale zina za zida zokha zimene anthu amagula pa nyengoyi, Miracles cha Kenny G cha 1994 chili ndi nyimbo zodziwika kwambiri ndipo chimalowa msanga m'khutu, koma kwa ine shuga wake ndi wochuluka, ndipo ndikachimva kawiri ndimafuna kupuma. A Charlie Brown Christmas cha Vince Guaraldi cha 1965 chili ndi piyano, besi ndi ng'oma za jazi, ndiponso mawu a ana pa nyimbo zingapo, choncho chimayenda kwambiri ndipo chimagwirizana ndi nthawi ya chakudya kuposa December. A Winston eni ankalemekeza kwambiri Guaraldi, mpaka anajambula chimbale chathunthu cha nyimbo zake mu 1996, ndipo amene angakwanitse kukhala ndi zonse ziwiri sadzaona kuti wagula chinthu chimodzi kawiri.

Pali mitundu iwiri ya December imene mungakumane nayo: choyambirira cha nyimbo 12, ndi china chokumbukira zaka 20 chimene chinatuluka mu 2001 chili ndi nyimbo zowonjezera kumapeto. Zowonjezerazo si zoipa, koma zimabwera pambuyo pa Peace, imene inakonzedwa kuti ikhale yotsekera, choncho ine ndimakonda choyambiriracho. Chilichonse chimene mungasankhe, zimitsani batani losakaniza nyimbo, chifukwa Prelude inalembedwa kuti ilowe mwachindunji mu Carol of the Bells, ndipo magawo atatu a Night akabalalitsidwa amasanduka tizidutswa topanda mutu.